Galimoto ya Che Adamu Ikuwira

Ku Biwi, kumene galimoto zimapita kukachira kapena kukafera, aliyense ankamudziwa Peggy. Anali mtsikana wa ku Ntcheu, wamfupi, wosakonda zolongolola, ndipo anali atagwira umakaniko pagalaja ya a Leston zaka zinayi. Amuna a m'magalaja oyandikana nawo, omwe poyamba ankaseka ovololo yake, tsopano ankamutumizira mwakachetechete galimoto zowakanika. Peggy anali ndi lamulo limodzi: satchula matenda a galimoto asanaigwire ndi manja ake.

Lachitatu masana Shafiq anatulukira atanyamula jumbo ya tchipisi ndi Fanta ziwiri. Peggy atangomuona anadziwa kuti kwagwa kanthu, chifukwa mnyamata ameneyu akakhala pamtendere ankabwera chimanjamanja, n'kumadya nawo za eni ake.

Shafiq anali mwana woyamba wa Che Adamu, Myao wa ku Mangochi wokhala ndi sitolo ya mpunga ku Chinsapo. Iye ndi Peggy anali pachibwenzi kwa chaka ndi miyezi itatu, ndipo kwawo kwa Shafiq kunalibe ngakhale mmodzi wodziwa. Mwana wa Msilamu, wosaphonya Lachisanu ku mzikiti, kukonda mtsikana woimba kwaya kutchalitchi! Nkhani yake inkafuna munthu wolimba mtima, ndipo Shafiq, tisabise, anali wokoma mtima kwambiri koma kulimba ndiye kunamupita pambali.

Anakhala pamatayala akale kuseri kwa galaja, pamthunzi wa mkesha.

"Loweruka tikupita ku Mangochi," anatero Shafiq, maso ali pa tchipisi.

"Kuli maliro?"

"Bola akanakhala maliro. Baba akukandifunsira mbeta."

Peggy anaika botolo lake pansi bwinobwino kuti lisatayike. Dzina la mbetayo ankalidziwa kale. Anali Aminah, namwino wokhala ku Area 47, mwana wa mnzawo wa Che Adamu wa kalekale. Shafiq ankamutchula mwa apo ndi apo ngati nkhani yoseketsa ya akuluakulu. Lero nthabwala ija inali itapeza tsiku ndi malo: ankapita kukaonana ndi amalume ake a Aminah, amene kwawoko amati mjomba, mwini mbumba wopereka chilolezo cha ukwati.

"Ndiye iwe wawauza chiyani bambo ako?"

"Ndikudikira nthawi yabwino, Peggy."

"Chaka chonsechi nthawi yabwino sinadutseko ku Chinsapo?"

"Tandimvera kaye. Pali njira." Shafiq anasendera pafupi n'kutsitsa mawu. "Galimoto ya Baba yakhala ikuwira sabata yonseyi. Makaniko wina anasintha chivindikiro cha rediyeta, wina anachotsa themositati, koma ikuwirabe. Ndawanyengerera kuti mawa tibwere nayo kuno. Iwe ungonena kuti gasiketi yapsa. Kumasula injini n'kuibwezera ndi sabata yathunthu, si choncho? Mjomba wa Aminah akubwerera ku Joni Lolemba, sabweranso mpaka Disembala. Ndipo Baba sangapite kokafunsira mbeta pa minibasi kapena pagalimoto yobwereka, amati n'kudzivula ulemu. Tipeza miyezi isanu, Peggy. Miyezi isanu!"

"Yochita chiyani?"

"Yoti ndiwakonzekeretse."

Peggy anamuyang'ana nthawi yaitali. Ankamukonda mnyamatayu, ankamukonda mpaka kumamvera chisoni mantha ake. Koma mumtima munamuwawa.

"Ndiye galimoto ikulankhulire zimene pakamwa pako pakukanika?"

"Usatero. Ndi bodza laling'ono chabe."

"Bwera nayo ndiione," anatero Peggy, n'kuimirira. Tchipisi chija anachidya ndi a Leston.

*

Madzulo dzuwa lisanalowe, Peggy anali pakhonde la nyumba yawo ku Kawale, akuchotsa girisi m'zikhadabo ndi sopo waufa. Mkulu wake, Tracy, ankapeta nyemba pambali, ndipo nkhani yonse anali ataimva.

"Nama iwe!" anatero Tracy mosazengereza. "Amakaniko onse a mu Lilongwe muno amanama m'mawa, masana ndi madzulo, popanda wowapatsa mwamuna. Iwe bodza limodzi lopulumutsa banja lako ukuchita nalo manyazi?"

"Achemwali, mwamuna akanama pagalaja amati walakwitsa. Ine ndikanama adzati tinkanena ife, akazi sadziwa injini. Zaka zinayi zitha tsiku limodzi."

"Nanga Shafiq akapita?"

Peggy anapitiriza kukwecha zikhadabo. Foni inalira pachifuwa pa ovololo, ndipo anaitulutsa ndi zala ziwiri zonyowa. Uthenga unali wa Shafiq.

"Wakwiya?"

"Ayi," analemba Peggy.

"Ndikudziwa wakwiya. Ndimakukonda iwe wekha. Aminah sindinamulonjezepo kanthu."

"Uwauze zimenezo bambo ako, osati ine. Ine ndikuzidziwa."

Kunapita mphindi zingapo. Timadontho tija tosonyeza kuti munthu akulemba tinkabwera n'kuchoka, kubwera n'kuchoka. Potsiriza panafika mawu ochepa: "Mawa 9 koloko. Chonde."

Tracy anasuzumira pafoniyo n'kupukusa mutu. "Ameneyu naye! Wokwatira kwa mphenzi saopa kung'anima. Akufuna iwe, koma bingu likagunda akufuna abisale kumbuyo kwako."

"Mwina ndi gasiketidi," anatero Peggy chapansipansi. "Galimoto ikawira sabata yonse, gasiketi imapsa. Ikakhala yapsadi, ndinena zoona ndipo ulendo ulephereka."

Ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire ntchito, Peggy anapempherera galimoto ya munthu kuti ikhale itawonongekadi.

*

Galimotoyo inafika Lachinayi m'mawa, yoyera, yamsana wautali wonyamulira matumba, nthunzi ikutuluka m'mbali mwa boneti. Ankayendetsa ndi Shafiq. Che Adamu anatsika pang'onopang'ono, munthu wamtali wovala mkanjo wotuwa ndi mzuli woyera kumutu. Dzanja lawo lamanja linali lokulungidwa ndi bandeji. Kumbuyo kunatsika mtsikana wowongoka bwino, atafunda mpango wobiriwira, ndipo Peggy sanafunike womuuza kuti ameneyu ndiye Aminah.

A Leston anathamangira kukalonjera. Anatsegula boneti, ananunkhiza, anamvetsera madzi akubwata m'kati, n'kugwedeza mutu ngati dokotala wa pachipatala cha Central.

"Gasiketi iyi, bwana. Palibenso zofunsa. Sabata imodzi, ngati zipangizo zipezeke msanga."

Shafiq anapuma mozama. Abale inu, bodza lija linali litabwera lokha, lophikaphika, pambale ya munthu wina. Peggy ankangofunika kukhala chete basi.

"Sabata?" anatero Che Adamu. "Ndili ndi ulendo waukulu Loweruka. Mwana wangayu wandiuza kuti pano pali katswiri wa injini zowira. Ndinu?"

"Katswiri wake ndi uyu," anatero a Leston, kuloza Peggy monyadira. "Peggy, tauza abwanawa kuti ndi gasiketi."

Che Adamu anayang'ana mtsikanayo kuyambira kunsapato kufika kumutu. Sananyoze, anangodabwa.

"Mwadzuka bwanji, mayi?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu abambo? Pepani ndi dzanjalo. Chachitika n'chiyani?"

"Galimoto yomweyi. Lolemba inawira pa mlatho wa Lilongwe, ine n'kutsegula rediyeta kuti ndithiremo madzi. Madzi otentha anandilumphira. Mwayi ndinapotoza nkhope. Mwana wanga Aminah ndiye akunditsuka bala."

Peggy anacheukira Shafiq, koma iye ankawerenga miyala pansi.

"Abambo, rediyeta satsegula ikadali yotentha," anatero Peggy. "Tidikire izizire. Sinditchula vuto ndisanaigwire."

A Leston anatenga Che Adamu ndi Shafiq kukakhala pabenchi. Peggy anatsala akusankha masipanala omwe sankawafuna n'komwe. Anamva fungo la mafuta onunkhira pambali pake.

"Ndinu a Peggy, eti?" anatero Aminah. Mawu ake anali ofatsa, a munthu wozolowera kulankhula ndi odwala.

"Ndine."

"Chithunzi chanu ndinachiona pafoni ya Shafiq tsiku la Idi. Munavala ovololo yomweyi, mukuseka. Anati ndinu wogulitsa zipangizo." Anakonza mpango wake. "Sindinabwere kudzayambana nanu. Ndabwera kudzaona ngati galimotoyi ikonzedwe kapena ayi. Kwathu aphika kale thobwa, azakhali achokera ku Makanjila. Ine sindinapemphe ukwatiwu, koma sindinaukanenso, ndipo manyazi ake agwera ine."

Peggy anali atakonzekera mkazi wamwano, wolozaloza chala. Uyu sanali wotero.

"Ndiona chimene chili m'galimotomu, achemwali," anatero basi.

*

Injini itazizira, Peggy anayamba monga ankayambira nthawi zonse, mosapupuluma, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Onse anamuzungulira.

Anasolola kachitsulo koyezera oyilo n'kukapukuta pachala. Gasiketi ikapsa, madzi amalowa mu oyilo, oyiloyo n'kusanduka ngati tiyi wamkaka. Uyu anali wakuda bwinobwino. Anatsegula rediyeta, anadzazamo madzi, n'kuuza Shafiq kuti alize injini. Anawerama kuyang'ana pakamwa pa rediyetayo kudikira thovu, chizindikiro chakuti mpweya wa m'injini ukuthawira m'madzi. Thovu kunalibe, ndipo madzi ankayenda, kusonyeza kuti pampu ikugwira ntchito. Anazungulira kumbuyo kukaona utsi wa ku ekizozi. Sunali woyera. Anafinya mapaipi onse, anagwada kuyang'ana pansi, sanapeze dontho.

Pemphero lake ladzulo linali litakanidwa. Gasiketi inali bwinobwino.

"Fani ikuzungulira," anatero a Leston, kuloza. "Tamvani phokosolo. Ndiye chatsala n'chiyani ngati si gasiketi?"

Fani inkazunguliradi mwamphamvu. Monga galimoto zambiri za m'tauni muno, wina anali atailumikiza kalekale kuti iziyaka injini ikangolira.

"Abambo, imawira nthawi yanji?" anafunsa Peggy. "Mukaima pamzere wa galimoto, kapena mukamathamanga?"

"Chodabwitsa n'chimenecho," anatero Che Adamu. "Ikaima pamalo ikulira, muvi sukwera kwenikweni. Ndikangolowa mumsewu n'kuponda, basi muvi uli pofiira."

Peggy anaima chilili. Zimenezi zinali zotembenuka. Galimoto nthawi zambiri imawira itaima, ikathamanga mphepo ya mumsewu imaiziziritsa. Ali chiimire kutsogolo kwa galimotoyo akuganiza, anamva kutentha m'mawondo. Mphepo yofunda inkamuwomba pa ovololo, kuchokera m'kati kupita kunja.

Anatola chidutswa cha nyuzipepala pansi n'kuchiika kutsogolo kwa rediyeta. Fani yabwino imakoka mphepo kulowetsa m'kati, ndipo pepala limamatirira. Ili linauluka n'kukagwera pamapazi a Aminah.

Fani inkazungulira chobwerera. Galimoto ikathamanga, mphepo ya mumsewu inkakankha kulowa, fani n'kumakankha kutuluka, ndipo rediyeta inkatsala pakati yopanda mphepo.

Peggy anati injini izimitsidwe. Analowetsa mutu n'kutsata mawaya awiri a fani ndi chala. Pamene analumikizidwa, wofiira anali pa wakuda, wakuda pa wofiira. Tepi yake inali yatsopano. Ndipo pamwamba pa tepiyo, kuti isamasuke, munthu wosamala zinthu anali atamangapo kachingwe koyera kosokera matumba, mfundo yake yopinda kawiri yokhala ndi kamchira kokokera.

Peggy ankaidziwa mfundo imeneyo. Kathumba kalikonse ka mpunga kamene Shafiq ankamubweretsera ku Kawale kankabwera ndi mfundo yomweyo. Anakumbukiranso tsiku lina la dzinja, atabisala mvula m'minibasi yakufa, pamene anamusimbira Shafiq za dalaivala wina amene anavutika mwezi wathunthu chifukwa cha mawaya awiri osinthanitsidwa. Shafiq anaseka tsiku limenelo mpaka misozi, kenako n'kufunsa bwinobwino kuti mawaya ake amakhala pati.

Foni ya Che Adamu inalira. "Ndi a ku Mangochi," anatero, n'kupita chapatali, Aminah akuwatsatira kuti alonjere mjomba wake. A Leston anaitanidwa ndi kasitomala wina. Shafiq anabwera n'kuwerama pansi pa boneti ngati akuthandiza.

"Ndiwe," ananong'ona Peggy.

"Peggy, tamvera..."

"Ntchito yanga ndinkakusimbira chifukwa ndimakukonda, iwe n'kukaisandutsa msampha wa bambo ako? Dzanja lija waliona? Akanapanda kupotoza nkhope bwenzi lero tikunena za maso."

"Sindinadziwe kuti atsegula. Wallahi, sindinagone tsiku limenelo. Ndimafuna ndibwezere mawayawo, koma ndikabwezera ndiye kuti Loweruka..." Maso ake anali atadzaza misozi. "A Leston anena kale. Iwe ungovomereza. Usanene kanthu, ungogwedeza mutu."

Khoswe akakhala pamkhate sapheka, amatero. Peggy anaona mkhate wake bwinobwino: mnyamata yemwe ankamudikira pasiteji mvula ikugwa, amene sanamuuzepo kuti asiye sipanala akaphunzire zosoka. Akagwedeza mutu, amusunga miyezi isanu. Akanena zoona, ndi manja ake omwe akonza galimoto yokamupereka kwa mkazi wina.

"Ukawauza lero, pano, ine ndiima nawe," anatero Peggy. "Andinyoze, andithamangitse, ndiima nawe. Koma ine sindimasula injini yabwinobwino ya munthu wamkulu amene wapsa kale dzanja."

"Peggy..."

"Akubwera."

*

"Mwapeza chiyani, mayi?" anafunsa Che Adamu.

Peggy anapukuta manja pansanza ngakhale anali opukuta kale.

"Si gasiketi, abambo. Injini yanu ili bwino. Fani ikuzungulira chobwerera, ikukankha mphepo m'malo mokoka. Mawaya awiri asinthanitsidwa. Ndi ntchito ya mphindi zisanu."

A Leston, amene anali atabwerera, anatola pepala lija, anayesa okha, n'kuwomba m'manja. "Ha! Mwana uyu! Ine zaka makumi atatu, fani ndikuiona ikuzungulira, osafunsa kuti ikuzungulira kulowera kuti!"

"Alhamdulillah," anatero Che Adamu. Kenako nkhope inasintha. "Koma galimotoyi yayenda zaka zitatu ndi fani yomweyi. Mawaya sasinthana okha. Wawagwira ndani?"

"Ntchito yanga ndi kupeza vuto, abambo. Amene anagwira sindinamuone."

"Tandionetsani."

Peggy sakanakana. Analoza ndi sikuludiraiva. Che Adamu anawerama, anayang'ana nthawi yaitali, kenako analowetsa dzanja lamanzere, lija labwino, n'kugwira kamchira ka chingwe. Anakoka kamodzi kokha, mfundo n'kumasuka yonse. Anaimirira atagwira kachingweko pakati pa zala.

"Mfundo iyi," anatero mofatsa, "m'Chinsapo monse timamanga anthu awiri. Ine ndinaiphunzira kwa bambo anga ku doko la nsomba. Winayo ndinamuphunzitsa ndine."

Kwinakwake munthu ankamenya chitsulo, wailesi inkalengeza za mpira. Peggy analowetsanso mutu m'boneti, anamasula tepi, anabwezera wofiira pa wofiira, wakuda pa wakuda. Ntchito anaigwira bwino. Injini italira, anaika pepala lija kutsogolo, ndipo linamatirira osagwa.

Che Adamu sanayang'ane n'komwe pepalalo. Ankayang'ana mwana wawo.

"Shafiq."

"Baba."

"Unafuna chiyani pamawaya amenewa?"

"Tepi inali itamasuka, Baba. Ndimafuna kukonza. Ndiye kuti ndinasokoneza."

"Unasokoneza." Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Sabata yonse galimoto ikuwira, ine ndikupsa dzanja, iwe osakumbukira kuti unagwirapo. Chabwino. Ndikufunse china. Magalaja adzaza mu Lilongwe muno. Kuchokera ku Chinsapo tadutsa angati? Iwe unaumirira pano. Mayi awa ukuwadziwa?"

Peggy anawongoka. Sanayang'ane pansi, anayang'ana Shafiq m'maso. Khomo linali litatsegulidwa ndi bambo ake omwe, popanda ukali, popanda mwano, ndipo chinangotsala ndi kulowa. Aminah naye anali atapinda manja, akudikira. Mwina nayenso ankafuna kumva zoona, kuti adziwe pamene waima.

Shafiq anatsegula pakamwa. Anayang'ana bandeji ya bambo ake, anayang'ana mzuli wawo woyera.

"Ndi amakaniko basi, Baba. Anzanga ndi amene anandiuza kuti amatha ntchito."

Kunena zoona, Peggy akanakonda mbama. Mbama imawawa kunja. Anamva ngati wina wamuthira madzi ozizira kumsana, ndipo anagwira boneti. Anaitseka bwinobwino, osamenyetsa.

"Amakaniko basi," anabwereza Che Adamu. Anapinda kachingwe kaja n'kukaika m'thumba la mkanjo. Munthu wamkulu uyu anagulitsa mpunga zaka zambiri, ndipo ankadziwa thumba lonyowa asanalitsegule. Koma nkhaniyo anaisiyira pomwepo. Anatembenukira kwa Peggy.

"Mayi, bwana wanu anati sabata. Mukanangovomereza, ine sindikanadziwa kanthu. Mwandiuza zoona, ndipo ndikuona kuti sizinali zopepuka. Dzina lanu ndani?"

"Peggy, abambo."

"Kwanu?"

"Ku Ntcheu, kwa Ganya."

"A Peggy, msewu wa ku Mangochi mukuudziwa. Pa Khwekhwerere galimoto zabwinobwino zimawira pobwerera, ndipo iyi yavutika sabata yonse. Ndinyamula anthu akuluakulu. Woyendetsa wanga," anayang'ana Shafiq, "amasokoneza mawaya. Ndikupempha mukwere nafe Loweruka, mutenge zitsulo zanu. Tikabwerera Lamulungu. Mukagona ndi amayi, mukasamalidwa ngati mwana wathu."

"Baba, sizofunika," anatero Shafiq mofulumira. "Galimoto yakonzeka. Komanso malo..."

"Malo alipo," anatero Aminah. Aka kanali koyamba kulankhula chiyambire nkhani ya mawaya. Ankayang'ana Shafiq, ndipo kufatsa kuja kunali kutachepa. "Akhala pafupi ndi ine. Ndi amakaniko basi, palibe chovuta."

"Apita, bwana, apita!" anatero a Leston, osadziwa kuti akuponda pati. "Loweruka kuno kumakhala kopanda ntchito."

Onse anayang'ana Peggy. Akanatha kunena kuti Lamulungu ali ndi kwaya, ndipo sichikanakhala chinyengo. Akanatha kubwerera ku Kawale, kudzitsekera m'chipinda, Loweruka n'kudutsa iye osaona kanthu.

"Munyamuka nthawi yanji, abambo?"

"Tikangotha swala, pemphero lathu la m'mawa."

"Mundipeza pa siteji ya Kawale."

Che Adamu anamuyang'ananso, nthawi ino motalikirapo, n'kugwedeza mutu. Anapita ndi a Leston mu kaofesi ka malata, Aminah n'kulowa m'galimoto, kutseka chitseko. Peggy anayamba kutolera masipanala ake. Shafiq anabwera kumbuyo kwake, akunamizira kupukuta galasi.

"Peggy, pepa. Pakamwa panangouma. Ndikonza, ndikulumbira ndikonza. Koma usapite. Uwatumizire uthenga mawa, unene kuti wadwala. Sungakhale pamenepo n'kumaonerera."

"Ndavomera kale, achimwene."

"Achimwene? Peggy, ndine Shafiq."

"Ndikudziwa. Ine ndimakudziwani, inu ndi amene simukundidziwa." Anaika sipanala yomaliza m'bokosi n'kutseka. Mawu ake anali otsika, koma sanagwedere. "Lero mwandikana pamaso pa anthu atatu, ndipo mtima wanga wopusawu ukufunabe kukupezerani chifukwa. Ndiye ndipita. Mjomba akakafunsa ngati mwabwera ndi mtima wonse, ndikakhala pomwepo. Mukanditchula, ndikaimirira. Mukandikananso, ndikamve ndi makutu angawa, kuti ndisadzakudikireninso."

Che Adamu anatuluka mu ofesi, ndipo Shafiq anakakhala pachiwongolero nkhope ili pansi. Galimoto inabwerera chammbuyo, inakhota, n'kulowa mumsewu wafumbi wopita ku tala, ikulira bwino kwambiri. Peggy anaima akuimvetsera mpaka phokoso lake litasakanikirana ndi la zinzake.

"Ntchito yabwino, mwana wanga!" anakuwa a Leston. "Pali minibasi apa ikutaya madzi, tabwera uione."

"Ndikubwera," anayankha Peggy. Anapita kaye kuseri kwa galaja, anakhala patayala, nalira pang'ono nkhope ataibisa m'chigongono, chifukwa manja anali ndi girisi.